Pa thumba la urea alemba 46%: nanga zotsalazo ndi chiyani?

Nyengo yogula feteleza ikafika, pali funso limene limangobwerabwera, kaya ndi pamzere wa ku depoti kapena m'magulu a WhatsApp a alimi. Pa thumba la urea, feteleza wobereketsa uja, amalembapo 46% N. Tanthauzo lake ndi loti pa makilogalamu 100 alionse a fetelezayu, makilogalamu 46 ndi nayitirojeni, chakudya chimene chimabiriwiritsa chimanga. Munthu akawerengera amapeza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli nayitirojeni wokwana makilogalamu 23 basi. Nanga 27 enawo ndi chiyani? Poti nkhani za feteleza wosakaniza ndi mchenga zakhala zikumveka m'dziko muno, ena sachedwa kugamula kuti makampani amathiramo zinyalala dala kuti thumba lilemere. Ena amafunsa kuti bwanji osangopanga urea wa 80 kapena 90 peresenti, mlimi azinyamula thumba limodzi m'malo mwa awiri.

Akathyali osakaniza feteleza ndi mchenga alipo ndithu, koma 46 uja si umboni wa kuba. Palibe fakitale padziko lapansi imene ingapange urea wopitirira 46.7 peresenti, ngakhale itamuyeretsa chotani. Malire amenewa sanaikidwe ndi boma kapena kampani. Amachokera pa malamulo angapo a chilengedwe amene akatswiri a Chemistry anawatulukira pakati pa zaka za m'ma 1770 ndi 1811, ndipo chida chawo chachikulu chinali sikelo. Ana a sekondale amawaloweza malamulowa pokonzekera MSCE, mayeso akatha n'kuwaiwala. Komatu ndi omwewa amene amafotokoza kumene makala amapita akanyeka, chifukwa chimene mbaula imaphera anthu m'nyumba yotseka, ndiponso mmene oyeza amagwirira feteleza wachinyengo.

## Mawu oti timvane kaye

Element ndi chinthu chimene sichingagawikenso kukhala zinthu zina zosiyana, kaya muchiotche, muchisungunule kapena muchithire asidi. Chitsulo, golide, kopa, kaboni, okosijeni, hayidirojeni ndi nayitirojeni ndi ena mwa ma element. Odziwika lero alipo 118, ndipo pafupifupi 90 mwa amenewa ndiwo amapezeka m'chilengedwe. Kachidutswa kochepetsetsa ka element ndi atomu, ndipo maatomu angapo akagwirana amapanga kagulu kotchedwa molekyu.

Compound ndi chinthu chatsopano chimene chimabadwa ma element awiri kapena angapo akagwirana. Sodium ndi mtundu wa chitsulo chofewa, chodulika ndi mpeni, chimene chimathetheka chikagwera m'madzi. Chlorine ndi mpweya wapoizoni umene asilikali anapherana nawo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ziwirizi zikagwirana, chotuluka chake ndi mchere wothira m'ndiwo.

Chosakaniza ndi china. Mmenemo zinthu zangokhalira pamodzi, chilichonse chikadali chomwe chinali, ndipo mlingo wake mukhoza kuusintha mmene mwafunira. M'madzi mungathire mchere wambiri kapena pang'ono, ndipo madziwo akaphwa mchere umatsala. Kusiyana kwa compound ndi chosakaniza ndiko phata la nkhani yonseyi.

## Lamulo loyamba: chonyeka sichisowa

Thumba la makala lopinda msana wa wonyamula limatha, phulusa lotsala osadzaza n'komwe chidebe chaching'ono. Maso amati makala aja asowa. Anthu ophunzira a ku Ulaya nawonso anasokonezeka nazo kwa nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1700, chiphunzitso chotchuka chinali cha Georg Stahl wa ku Germany, choti m'chinthu chilichonse choyaka muli kanthu kotchedwa phlogiston, ndipo kuyaka ndiko kutuluka kwa kanthuko. Pa nkhuni ndi makala zinkamveka, poti phulusa limapepuka. Vuto linali pa zitsulo monga tini ndi mtovu. Mukaziotcha pamtetete zimasanduka ufa, ndipo ufawo umalemera kuposa chitsulo chimene munayamba nacho. Chinthu chingataye bwanji kanthu, chomwechonso n'kulemera? Ena pofuna kupulumutsa chiphunzitsocho anafika ponena kuti phlogiston amapeputsa chinthu chimene alimo.

Anathetsa mkanganowu ndi Antoine Lavoisier wa ku Paris. Njira yake inali yosavuta kuinena koma yofuna chipiriro: kutsekera zonse m'botolo lagalasi kuti pasalowe kapena kutuluka kanthu, n'kuyeza poyamba ndi pomaliza. Mu 1774 anaika tini m'botolo, n'kulimata kukamwa, n'kuliyeza, n'kuliotcha mpaka gawo la tini litasanduka ufa. Ataliyezanso, sikelo sinasunthe. Atatsegula botololo mpweya wakunja unalowa, ndipo apo m'pamene kulemera kunakwera, ndi mlingo wofanana ndi umene tini uja anawonjezera. Zinaonekeratu kuti chitsulo chikamapsa chimatenga kanthu mumpweya. Gawo la mpweya limeneli iye analitcha okosijeni. Mikhail Lomonosov wa ku Russia anali atalemba kale ganizo lofanana nalo mu 1748, m'kalata yopita kwa katswiri wa masamu Leonhard Euler, koma ntchito yake sinamveke kutali. Linafalitsa lamuloli ndi buku la Lavoisier la mu 1789, limene zithunzi za zida zake anajambula ndi mkazi wake, Marie-Anne Paulze, yemwenso ankalemba zotsatira za ntchito yawo. Lavoisier mwini wakeyo anadulidwa mutu mu May 1794 pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale ku France. Mlandu wake sunali wa sayansi, unali woti anali m'gulu lotolera misonkho ya mfumu.

Lamulolo likuti: zinthu zikasintha kukhala zinthu zina, kulemera kwa zonse zimene zalowa kumafanana ndi kulemera kwa zonse zimene zatuluka. Palibe atomu imene imafa, palibenso imene imabadwa. Zimangosintha ndi zoti atomu iti yagwirana ndi iti.

Tibwerere ku makala aja. Mbali yaikulu ya makala ndi kaboni. Magalamu 12 a kaboni akayaka bwino amatenga magalamu 32 a okosijeni mumpweya, n'kukhala magalamu 44 a mpweya wotchedwa carbon dioxide. Ndiye kuti kilogalamu imodzi ya kaboni imatulutsa makilogalamu pafupifupi 3.7 a mpweyawu. Zochoka pa mbaula n'zolemera kuposa makala amene munasonkhezera, kungoti zimabalalika ndipo palibe amaziika pa sikelo. Matani a carbon dioxide amene timamva pa nkhani za kusintha kwa nyengo amawerengeredwa motere. Palibe amapita kukayeza utsi wa dziko lonse. Amangodziwa kuchuluka kwa malasha, mafuta ndi nkhuni zimene zapsa, kwinako ndi masamu.

Kaboni ameneyunso anachokera mumpweya momwemo. Jan Baptist van Helmont, wa ku dera limene lero ndi Belgium, anadzala kamtengo ka makilogalamu awiri ndi pang'ono m'dothi louma loyezeratu la makilogalamu pafupifupi 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka 5. Mtengo unafika pa makilogalamu oposa 70, dothi litangochepa ndi magalamu osakwana 100. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648. Iye anati mtengo wonsewo wachokera m'madzi. Analondola pang'ono chabe, chifukwa mbali yaikulu ya nkhuni youma ndi kaboni ndi okosijeni zimene masamba amakoka mumpweya ngati carbon dioxide.

Ootcha laimu, monga a m'boma la Balaka, amadziwa kuti miyala imatuluka mu uvuni itapepuka pafupifupi ndi theka. Makilogalamu 100 a mwala wabwino wa laimu amasiya makilogalamu 56 okha, ndipo 44 enawo amauluka ngati carbon dioxide. Akathira madzi, 56 aja amamwa makilogalamu 18 n'kukhala 74 a laimu wopaka nyumba. Dzimbiri limayendera mbali inayo: khasu likachita dzimbiri limakhala litatenga okosijeni ndi chinyezi, moti mukanatolera tizidutswa tonse toyoyoka mukanapeza kuti kulemera kwakwera.

Mlimi lamuloli limamukhudza mwachindunji. Urea womwaza pamwamba pa nthaka yachinyezi, dzuwa likuswa mtengo, amasweka ndipo gawo la nayitirojeni wake limathawira mumlengalenga ngati mpweya wa ammonia. Nayitirojeniyo sanawonongeke, alipo, koma chimanga sichimufikiranso. N'chifukwa chake alangizi amaumirira zoboola dzenje pambali pa phando ndi kukwirira.

## Lamulo lachiwiri: compound ili ndi muyezo umodzi

Apa m'pamene pali yankho la 46 uja.

Joseph Louis Proust anali Mfalansa wogwira ntchito ku Spain. Mu 1799 anayerekeza copper carbonate wokumbidwa pansi ndi wina amene anapanga yekha mu labotale. Anapeza kuti mlingo wa kopa, kaboni ndi okosijeni unali umodzimodzi. Atayesa zinthu zina zambiri anafika pa mfundo yoti compound iliyonse yoyera imakhala ndi ma element omwewo, pa mlingo womwewo wa kulemera, kaya yachokera kuti kapena yapangidwa motani.

Madzi ndiye chitsanzo chapafupi. M'magalamu 9 alionse a madzi muli galamu imodzi ya hayidirojeni ndi magalamu 8 a okosijeni. Zili choncho pa madzi a Nyanja ya Malawi, mvula ya paphiri la Mulanje, ngakhale ayezi wa ku Antarctica. Wina anganene kuti nanga bwanji madzi a mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje amamveka mchere pamene a pakasupe amakoma? Kusiyanako kuli pa zinthu zimene zasungunuka m'madziwo. Mukazichotsa, madzi enieniwo ndi amodzi. Mchere nawo uli ndi muyezo wake: pa magalamu 100, pafupifupi 39 ndi sodium ndipo 61 ndi chlorine. Ayodini amene timamuona atalembedwa pa paketi amachita kuthiramo pambuyo, kotero mchere wa m'sitolo ndi chosakaniza, ngakhale kuti ayodiniyo ndi wochepa zedi.

Nanga mutachulutsa dala mbali imodzi? Mukatenga magalamu 2 a hayidirojeni ndi 8 a okosijeni n'kuyatsa, simupeza madzi a mtundu wina. Mupeza magalamu 9 a madzi omwe aja, ndipo galamu imodzi ya hayidirojeni itsala payokha. Zili ngati wolumikiza njinga amene ali ndi mafelemu atatu ndi mawilo 10. Atulutsa njinga zitatu, mawilo anayi atsala pakona. Sangati poti mawilo achuluka, njinga iliyonse ailowetse lachitatu n'kumaitchabe njinga yomwe ija.

Tsopano urea. Molekyu iliyonse ya urea ili ndi atomu imodzi ya kaboni, imodzi ya okosijeni, awiri a nayitirojeni ndi anayi a hayidirojeni. Maatomu salemera mofanana. Tikati hayidirojeni alemera 1, kaboni ndi 12, nayitirojeni ndi 14, okosijeni ndi 16. Tikawonkhetsa: 12 wa kaboni, 16 wa okosijeni, 28 wa nayitirojeni awiri aja, ndi 4 wa hayidirojeni, zonse pamodzi 60. Nayitirojeni ndi 28 pa 60, amene ndi 46.7 peresenti. Choncho makilogalamu 27 amene anthu amawakayikira aja ndi pafupifupi 10 a kaboni, 13 a okosijeni ndi 3 a hayidirojeni, kotsalako n'kukhala chinyezi ndi tizinthu tina tochepa. Si zothiramo. Ndi thupi la urea lenilenilo, ndipo ndi zimene zagwirizira nayitirojeni kuti akhale mibulu yoyera yonyamulika m'thumba. Nayitirojeni payekha ndi mpweya. Ndi amene wachuluka mumpweya umene timapumawu, magawo 78 pa 100, koma chimanga sichingamudye ali choncho.

Feteleza wa nayitirojeni wopitirira 80 peresenti alipo, koma si urea. Ndi ammonia, amene ali ndi magawo 82 pa 100. Ameneyu ndi mpweya woopsa umene amausunga wopanikiza m'matanki achitsulo, ndipo alimi akuluakulu a ku America amachita kuubayira m'nthaka ndi makina. Pa feteleza wouma amene amagulitsidwa m'matumba, urea ndiye ali pamwamba.

Ku fakitale malamulo awiriwa amagwira ntchito limodzi. Urea amapangidwa kuchokera ku ammonia ndi carbon dioxide. Makilogalamu 34 a ammonia ndi 44 a carbon dioxide amatulutsa makilogalamu 60 a urea ndi 18 a madzi. Zolowa 78, zotuluka 78. Mwini fakitale akafuna matani akutiakuti a feteleza amadziwiratu zipangizo zimene agule asanayatse makina.

Palinso mbiri ina ya urea yoyenera kuitchula. Iye amapezeka mumkodzo wa anthu ndi nyama, ndipo kale ankakhulupirira kuti zinthu zotere zingapangidwe ndi thupi lamoyo lokha. Mu 1828 Friedrich Wöhler wa ku Germany anamupanga mu labotale, ndipo anali yemweyo wa mumkodzo, muyezo wake osasiyana. Koma ntchito ya Wöhler inaululanso kanthu kena kamene ophunzira ambiri amaphonya. Iye ankafuna kupanga ammonium cyanate, compound imene ili ndi maatomu omwewo pa mlingo womwewo ngati urea, koma olumikizana mosiyana. Ndiye kuti lamulo la Proust silibwerera chammbuyo. Compound imodzi ili ndi muyezo umodzi, inde, koma muyezo umodzi ukhoza kukhala wa ma compound awiri osiyana. Glucose ndi fructose, mitundu iwiri ya shuga yopezeka mu uchi, ilinso chimodzimodzi.

Proust sanavomerezedwe tsiku limodzi. Claude Louis Berthollet, katswiri wamkulu amene anagwirapo ntchito ndi Lavoisier ndipo anapita ku Egypt ndi Napoleon mu 1798, anatsutsa kwa zaka zingapo. Iye ankati muyezo umasintha malinga ndi kutentha komanso kuchuluka kwa zimene mwaphatikiza, ndipo ankaloza galasi, zitsulo zosungunulira pamodzi ndi zinthu zosungunuka m'madzi. Proust anayankha kuti zonsezo ndi zosakaniza. Anaonetsanso kuti ufa wina wa zitsulo umene unkaoneka wosinthasintha muyezo unali ma compound awiri osakanikirana, iliyonse ndi muyezo wake wokhazikika. Pofika cha m'ma 1808 ambiri anali atatsatira Proust. Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden anakhomera msomali poyeza mosamala ma compound ochuluka zedi, ndipo ndi yemweyo anayambitsa zilembo zimene timaona pa matumba a feteleza, N, P, K ndi S.

## Zikutanthauza chiyani pa feteleza wa m'sitolo

Ngati muyezo wa urea susintha, ndiye kuti palibe chinthu chotchedwa urea wofooka kapena urea wa giredi yotsika wa 30 peresenti. Labotale ikayeza n'kupeza nayitirojeni 30 m'malo mwa 46, yankho ndi limodzi: pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a thumbalo si urea. Mabungwe oona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards, amadalira mfundo imeneyi. Pakhomo pali kuyesa kosavuta. Urea weniweni amasungunuka yense m'madzi, ndipo madziwo amazizira. Mchenga umatsala pansi. Kuyesaku sikungagwire zothiramo zimene nazonso zimasungunuka, monga mchere, kotero sikulowa m'malo mwa labotale.

Osayesa njira yomweyi pa feteleza aliyense n'kuyamba kuloza anthu zala. Feteleza wokulitsa wa NPK, kaya 23:21:0+4S amene alimi anazolowera kale kapena 23:10:5+6S+1.0Zn, ndi chosakaniza cha ma compound angapo. Manambala akewo amasankha ndi opanga potengera zimene nthaka ikusowa, n'chifukwa chake amatha kusintha, ndipo zina mwa zimene zilimo sizisungunuka zonse. CAN nayenso ndi chosakaniza. Mtima wake ndi ammonium nitrate, amene ali ndi nayitirojeni 35 peresenti, koma amamusakaniza dala ndi ufa wa mwala wa laimu mpaka kutsika kufika pa 26 kapena 27. Apa zothiramo zilipodi, koma pa chifukwa chomveka. Laimu amachepetsa asidi m'nthaka, komanso ammonium nitrate payekha amatha kuphulika. Mankhwala amenewa ndi amene anagumula doko la Beirut, ku Lebanon, mu August 2020.

## Lamulo lachitatu: atomu imodzi yosiyanitsa moyo ndi imfa

Ma element awiri omwewo akhoza kupanga ma compound angapo. John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, anaona cha m'ma 1803 kuti zikatero pamakhala dongosolo. Mukagwira kulemera kwa element imodzi kuti kusasinthe, kulemera kwa inzakeyo m'ma compound osiyanawo kumayenderana mwa manambala ang'onoang'ono athunthu, monga 1 kwa 2 kapena 2 kwa 3.

Kaboni ndi okosijeni ndiye chitsanzo chofunika kuchidziwa aliyense. Taona kuti magalamu 12 a kaboni amatenga 32 a okosijeni n'kupanga carbon dioxide. Koma okosijeni akaperewera, magalamu 12 omwewo amatenga 16 okha, n'kupanga mpweya wina wotchedwa carbon monoxide. 16 ndi 32, ndiye kuti 1 kwa 2. Palibe compound yapakatikati ya 20 kapena 25. Mukayeza mpweya wa pambaula n'kupeza nambala yapakati, ndiye kuti mitundu iwiriyi yasakanikirana.

M'miyezi yozizira ya June ndi July anthu amalowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, mwinanso kutsekera nsanza m'mipata. Makala akamanyeka okosijeni amachepa, ndipo carbon monoxide amachuluka. Mpweyawu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Ukalowa m'magazi umakakamira pa hemoglobin, mbali ya magazi imene imanyamula okosijeni, mwamphamvu kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo amene ali m'tulo akhoza osadzukanso. Ambiri amaganiza kuti makala akasiya kufuka utsi n'kufiira ndiye kuti ngozi yatha. Ayi, makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweyawu. Carbon dioxide timamutulutsa tokha popuma ndipo ndi amene amathetheka mu zakumwa za m'mabotolo. Kusiyana kwake ndi mnzake wakuphayo ndi atomu imodzi ya okosijeni pa molekyu.

Hayidirojeni ndi okosijeni nawo ali ndi ana awiri. M'madzi, galamu imodzi ya hayidirojeni imayenda ndi 8 a okosijeni. Mu hydrogen peroxide, mankhwala otsukira zilonda ndi kuyeretsera tsitsi aja, imayenda ndi 16. Apanso 1 kwa 2.

Dalton anadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani manambala ake amakhala athunthu chotere. Yankho lake, limene analisindikiza m'buku la mu 1808, linali loti zinthu zimapangidwa ndi maatomu osagawika, maatomu a element imodzi amalemera mofanana, ndipo amagwirana athunthuathunthu. Atomu ya kaboni ingatenge atomu imodzi ya okosijeni kapena awiri, koma osati imodzi ndi theka. Ganizo limodzi limeneli linafotokoza malamulo atatu onse. Kulemera sikusintha chifukwa maatomu sasowa. Muyezo susintha chifukwa molekyu iliyonse ili ndi chiwerengero chomwecho cha maatomu. Chochititsa chidwi n'choti palibe amene anali ataonapo atomu pa nthawiyo. Anaizindikira kudzera pa sikelo.

Jeremias Richter wa ku Germany anali ataona kale dongosolo lina mu 1792. Galamu imodzi ya hayidirojeni imatenga magalamu 8 a okosijeni m'madzi, ndipo imatenga magalamu 3 a kaboni mu methane, mpweya woyaka wochoka ku ndowe zowola. Kaboni ndi okosijeni zikakumana pazokha mu carbon dioxide, zimagwirana 12 kwa 32, amene ndi 3 kwa 8 yemwe uja.

Dalton anaphonya penapake. Ankaganiza kuti molekyu ya madzi ili ndi atomu imodzi ya hayidirojeni ndi imodzi ya okosijeni, zimene zinapotoza masamu ake a kulemera kwa maatomu. Sikelo yokha sikanamuuza zoona. Thandizo linachokera poyeza malo amene mpweya umatenga. Mu 1808 Joseph Louis Gay-Lussac anaonetsa kuti malita awiri a hayidirojeni ndi lita imodzi ya okosijeni zimatulutsa malita awiri a nthunzi, ngati kutentha ndi kupanikizika kwake kuli kofanana. Mu 1811 Amedeo Avogadro wa ku Italy anafotokoza kuti malita ofanana a mpweya uliwonse amakhala ndi mamolekyu ofanana kuchuluka, ndipo kuchokera apo zinaoneka kuti m'madzi hayidirojeni alimo awiri pa okosijeni mmodzi, H₂O. Anzake sanamulabadire kwa zaka pafupifupi 50, mpaka Stanislao Cannizzaro atadzutsanso nkhaniyi pa msonkhano wa akatswiri ku Karlsruhe, m'dziko la Germany, mu 1860, Avogadro atamwalira kale.

## Pamene malamulowa amalekezera

Mabuku a sukulu amawalemba ngati alibe chilema, koma lililonse lili ndi malire ake.

Hans Landolt anatha zaka zambiri ku Berlin, mpaka cha m'ma 1908, akuyesa lamulo la Lavoisier ndi masikelo abwino koposa a nthawi imeneyo, ndipo sanapeze kusintha kulikonse kopitirira kulakwitsa kwa sikelo. Komabe mu 1905 Albert Einstein anaonetsa kuti mphamvu nayo ili ndi kulemera, kotero chinthu chikatulutsa kutentha chimapepuka pang'ono. Pang'ono pake ndi potani? Kilogalamu ya kaboni ikapsa yonse, chochepa pa zolowa ndi zotuluka sichikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Pa ntchito ya kukhitchini, kumunda ndi kufakitale, Lavoisier akadali wolondola. Zimasintha pa mphamvu ya nyukiliya, pamene atomu yeniyeniyo imasweka. Uranium, monga wokumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga, akasweka m'makina opangira magetsi amataya pafupifupi gawo limodzi pa 1,000 la kulemera kwake, ndipo kagawo kameneko ndiko kamasanduka mphamvu yochuluka ija.

Zoti maatomu a element imodzi amalemera mofanana nazonso si zoona kwathunthu. Mu 1931 Harold Urey wa ku America anapeza mtundu wa hayidirojeni wolemera kawiri, wotchedwa deuterium. Madzi opangidwa ndi ameneyu muyezo wake ndi 1 kwa 4 m'malo mwa 1 kwa 8. M'madzi wamba, atomu imodzi yokha pa maatomu pafupifupi 6,400 a hayidirojeni ndiyo ya mtundu umenewu, ndipo chiwerengerochi chimasiyana pang'ono kwambiri malo ndi malo. Akatswiri a madzi apansi panthaka amagwiritsa ntchito kusiyana kochepaku pofufuza kumene madzi a m'chitsime anachokera.

Berthollet uja nayenso sanalakwe kotheratu. Pali zinthu zina zolimba zimene sizikhala m'mamolekyu apaokhapaokha, koma maatomu ake amandandalikana m'mizere yosatha, ndipo m'mizeremo mumatha kukhala mipata. Wüstite, compound ya chitsulo ndi okosijeni, m'buku amailemba ngati atomu imodzi kwa imodzi, koma ikayezedwa pamapezeka maatomu 95 a chitsulo kapena ocheperapo pa 100 alionse a okosijeni, ndipo chiwerengerochi chimasintha malinga ndi mmene yapangidwira. Zinthu zotere lero zimatchedwa berthollide pokumbukira iyeyo. Imodzi mwa izo ili m'batire la mafoni ambiri, lithium cobalt oxide. Foni ikamatchajidwa, gawo la lithium limatuluka m'mizere ya compound imeneyi n'kusiya mipata, ndipo mukamaigwiritsa ntchito lithium uja amabwerera m'malo mwake.